Zakaria ndi Zidakwa za Thobwa

Mukandifunsa za Zakaria musayembekeze kuti ndimukometsera. Ine Abiti Jaffalie sindipaka munthu mafuta, kaya ndi mbale wanga kaya ndi mlendo. Mwamuna ameneyu anali woipa manja, ndipo amene anamuona atapsa mtima sanamuiwale. Koma ndowa zimene ankakhoma zilipobe m'nyumba za kuno ku Katuli, zina zikutunga madzi, zina akusungiramo nandolo.

Anabwera zaka zija nkhondo ya ku Mozambiki itavuta, anthu akudutsa malire ndi mphasa pamutu, mwana kumsana, ena magazi akuchucha m'mapazi. Iye analibe mphasa kapena mwana. Anabwera ndi nyundo, lumo lodulira malata, ndi kachidutswa ka njanji kamene ankakhomerapo. Anakhala pansi pa mtengo wa kachere pamsika, nkuyamba kukhoma ndowa ndi mbaula. Anali wamtali, wakuda bii, wosalankhulalankhula. Chiyao chake chinali chathu chomwechi, popeza malire aja anadula anthu amodzi.

Zimene anasiya kwawo ndinazimva mochedwa, ndipo ndinazimva kuchokera pakamwa pake. Asilikali anafika m'mudzi mwawo iye ali kutchire kukadula nsungwi. Anatsekera anthu m'nyumba nkuyatsa. Pobwera anapeza denga litagwa, ndipo pakhomo anazindikira mkazi wake chifukwa cha chibangili basi. Ana ake aamuna awiri anali momwemo. Wamisala anaona nkhondo, amatero akuluakulu, ndipo ine ndikuwonjezera kuti chidakwanso anaiona.

Pakuti Zakaria ankamwa. Osati kumwa kwa anthu ocheza ayi. Ankagula kachasu wa mutu weniweni, nkukakhala yekha kuseri kwa chigayo, nkumagugudiza ngati mankhwala. Msilamu, dzina lake labwinobwino, koma kumzikiti ankangodutsako.

Nanga Alima anamuonera chiyani? Funsani mtima wa mtsikana, ine sindidziwa. Alima anali mwana wa m'mudzi wa kutsidya kwa dambo, wofatsa, wa kumwetulira kwa manyazi. Mchimwene wake Hamisi, yemwe anali mwini mbumba chimwalirireni amalume awo, anakana poyamba, kenako anavomera. Kwathu kuno mwamuna ndiye amapita kwa mkazi. Amamanga nyumba pa dothi la eni, amalima munda wa eni, ndipo tsiku limene eni atopa naye amamuikira katundu panja, iye nkubwerera kwa amake. Ana satenga, ana ndi a mbumba. Tsono mkamwini wina aliyense ali ndi kobwerera. Zakaria kwawo kunali phulusa. Nyumba ya Alima ndi kamtsikana kamene anabereka, Sara, ndizo zonse zimene anali nazo pansi pano.

Ndipo ndi zomwezo zimene ankaphwanya ndi manja ake, chitsiru cha munthu!

Ankayamba ndi mbale, kenako chitseko, kenako mkazi. Alima ankabwera kumsika atadzikulunga mpango mpaka m'maso, ife nkumayang'ana kumbali ngati sitikuona. Tsiku lina masana, Sara atayamba kumene kuyenda, Zakaria anabwera atakhuta. Anapeza ndiwo ndi chigwada chopanda nsomba. Sanafunse. Anatenga waya wonenepa uja amapangira zogwirira ndowa, nkuyamba kumukwapula Alima pabwalo, dzuwa likuswa mtengo. Alima anatchinga nkhope ndi mkono. Zakaria anataya waya, nkugwira mkonowo, nkuupotoza mpaka anthu a nyumba yachitatu anamva kuti thyo! Mwana anakwawira m'khola la nkhuku, ndipo anamupeza madzulo atakhala pa zitosi, osalira, osalankhula.

Hamisi anathamanga kuchokera kudimba ndi khasu. Anagulula khasulo, nkutsala ndi mpini. Anamumenya Zakaria kamodzi pamutu, khu! Zakaria anagwa chafufumimba, magazi nkumalowa m'dothi. Anthu anaganiza kuti wafa, ndipo ndikuuzeni zoona, palibe amene analira.

Sanafe. Lole ina yobweretsa ufa wa othawa nkhondo inali kubwerera yopanda kanthu, ndiye anawakweza onse awiri, mwamuna ndi mkazi, kupita kuchipatala cha ku boma ku Mangochi. Asananyamuke, Zakaria atatsegula diso limodzi, Hamisi anawerama nkumuuza pamaso pa anthu:

"Alamu, mverani. Mlongo wangayu akuti ndikusiyeni, ndiye ndakusiyani. Koma mukadzalawanso mowa, ngakhale kadontho, katundu wanu adzakhala panja. Mwana simudzamugwiranso. Mudzapita komwe munachokera akakumalizeni."

Alima adokotala anamumanga mkono, iye nkubwerera kumudzi. Zakaria anatsala, mutu atausoka ngati thumba. Kusowa kwa kachasu kunamugwira pabedi pomwepo: manja kunjenjemera, thukuta, kukuwa kuti denga likuyaka mpaka anamumangirira ndi nsalu. Bedi loyandikana nalo panali msodzi wina wachikulire, mimba itatupa, maso achikasu. Ameneyo ndiye anamuuza.

"Ine ndinachedwa, achimwene. Koma kuli anthu ena anasiya mowa. Si ashehe, si adokotala, ndi zidakwa zinzathu. Amakumana nkumagwirana. Mukafunse kudoko."

Anafunsa kuti doko liti, koma mkulu uja anali atatopa. M'mawa mwake pabedipo panali munthu wina.

Atamutulutsa sanakwere galimoto yobwerera kuno. Ankadziwa kuti akatsika pa Katuli miyendo yake imupititsa yokha kuseri kwa chigayo. Anatsikira kudoko la pafupi ndi mlatho, komwe asodzi amasoka maukonde, nkufunsa poyera ngati munthu wofunsa njira: "Kodi anthu osiya mowa amakumana kuti?"

Aa, kuseka kwake! Wina anagwa chagada pamchenga. Wina anatulutsa kabotolo m'bwato nkumuika pamphuno, amvekere, "Amakumana muno, malume, lowani." Fungo lija litamulowa, Zakaria anamumenya chibakera cha pakamwa mpaka mnyamatayo anakagwera m'madzi. Anzake anamugwera ndi nkhafi. Anamumenya m'nthiti, m'miyendo, ulusi wa pamutu nkuduka. Anachoka pamenepo akukwawa.

Anapita kumzikiti. Ashehe anamulandira bwino, anamupatsa madzi osamba ndi chakudya, nkumuuza kuti aswali ndi kufunga, ndiko kusala kudya, Mulungu ndi wachifundo. Zakaria anavomera, koma anawaonetsa manja ake akunjenjemera nkunena kuti akufuna munthu amene manja ake anachitapo chonchi. Ashehe anapukusa mutu, sankamudziwa munthu wotero. Anafunsa kutchalitchi, anafunsa kwa okonza njinga, anafunsa kumsika. Ankagona m'makonde a masitolo, akukhoma mapoto a anthu kuti adye. Mayi wina wokazinga mandasi ndiye anamukodola, nkunong'ona kuti mwamuna wake malemu ankapita kwa munthu wina dzina lake Che Atumani, kumtunda ku Chowe, pansi pa mango.

Anakwera phiri lija wapansi. Mango anawapeza, anthu sanawapeze. Aliyense amene anamufunsa za Che Atumani ankangoti sindikudziwa nkufulumira kuchoka. Pomaliza mkulu wina wosoka nsapato anamuyang'anitsitsa bala la pamutu ndi manja aja, nkumuuza nkhani yonse osadzutsa mutu pa nsapato.

Masiku amenewo amuna sankakhala pagulu popanda chilolezo. Mukakhala asanu pansi pa mtengo, nkhope zili duu, mukulankhula motsitsa, ndiye kuti mukupangira boma upo. Makamaka kuno kumalire, kumene aliyense ankakayikira mnzake kuti akudyetsa a mfuti a kutsidya. Anyamata aja ofunsa makadi a chipani anawapeza a Che Atumani pansi pa mango, nkuwafunsa kuti msonkhanowu ndi wa chiyani. Atayankha kuti ndi wosiya mowa, anyamatawo anati bodza lake likhale labwinoko. Anawagoneka chafufumimba, nkuwakwapula ndi zibonga. Mmodzi anatengedwa pa galimoto ndipo sanabwererenso.

"Anasamuka," anatero wosoka nsapato. "Pitani ku Katuli tsiku la msika, kuseri kwa nyumba ya Abiti Jaffalie."

Zakaria akuti anaseka mpaka bala linamupweteka. Kuzungulira dziko lonse lija, kumenyedwa ndi nkhafi, kuti amutumize kwawo komwe, kwa zidakwa zimene Katuli yense ankazidziwa! Pakuti kuseri kwa nyumba yanga, tsiku lililonse la msika, kunkakhala amuna akuyendetsa chipanda, akuimba mosokosa, ena akudzandira popita kukataya madzi. Iye yemwe anali atawadutsapo kambirimbiri, nkumawanyoza mumtima kuti akumwa masese a ana.

Che Atumani ndi mchimwene wanga wa bere limodzi. Anali msodzi ku Malindi, mowa nkumudyera bwato, mkazi, ndi mano akutsogolo. Atachira zibonga za ku Chowe anabwera kwa ine akutsimphina, nkunena kuti, "Chemwali, ndaona chinthu. Amuna osaledzera akakhala pamodzi boma limanjenjemera. Koma zidakwa palibe amaziwerenga. Mutiphikire thobwa, ife tizimwera m'chipanda cha mowa."

Ndinamutukwana, Mulungu andikhululukire. Ine mkazi wamasiye, woswali kasanu, nyumba yanga itchuke kuti ndi ya mowa? Koma ndinali nditamutolapo mbale wangayo m'ngalande, atadzikodzera, agalu akumununkhiza, ndipo sindinkafuna kumuonanso choncho. Ndinaphika. Chimera cha mawere, ufa wa mgaiwa, thobwa la tsiku lomwelo, lotsekemera. Lotsala ndinkalitaya madzulo omwewo, chifukwa thobwa likagonagona limasanduka chomwe tikuthawacho. Amayi anzanga kumzikiti anasiya kundipatsa moni. Ana ankandiitana kuti Abiti Masese. Ndinkangomeza, ngakhale wina ndinamuthira madzi otsukira mbale.

Tsiku limene Zakaria anabwera ndinali pamoto. Anaima pakona pa nyumba, wowonda, bala lili ndi mafinya. Amuna aja atamuona anayamba nyimbo, monga ankachitira mlendo akatulukira. Iye anati, "Ndikufuna Che Atumani. Andituma a ku Chowe." Nyimbo inazima. Che Atumani anamulozera pokhala, nkumupatsa chipanda.

Anachigwira ndi manja awiri, chikugwedezeka. Ankaganiza kuti ndi mowa. Ndinamuona akulimbana nacho, ndipo pomaliza anagonja, anatseka maso nkupapira. Atamva kutsekemera anatsegula maso. Analavula, nkudumpha, nkumugwira mchimwene wanga pakhosi mpaka kumukanikiza kukhoma.

"Mukundiseka? Ndayenda dziko lonse kuti mudzandiseke?"

Ine ndinanyamula chikuni cha moto. Koma Che Atumani, maso atatong'oka, anandiletsa ndi dzanja. Anatulutsa mawu movutika: "Finyani, achimwene. Mukatha mukhale pansi, ndi nthawi yanu yolankhula."

Zakaria anamusiya. Anakhala pansi, nkulira ngati mwana, chimunthu chonse chija. Palibe anamutonthoza, palibe anamuseka. Sefu, mmodzi wa amunawo amene ankakhala moyang'ana kunjira, anaona mayi wina akudutsa ndi nkhuni, nkuyamba kuwomba m'manja ndi kukuwa kuti uyu waledzera lero, mpaka mayiyo anapita akupukusa mutu.

Kachitidwe kawo kanali kotere. Amene wagwira chipanda ndiye amalankhula, motsitsa, ena onse chete. Amanena mmene sabata yamuyendera, kumene ludzu linamupeza, chimene anachita. Akanama anzake amadziwa, chifukwa chidakwa sichinamiza chidakwa chinzake. Amene wagwa nkumwa sankamuthamangitsa, ankangomusendezera pokhala. Ndipo lamulo lalikulu linali limodzi: za thobwa osauza munthu, ngakhale mkazi wako wa m'nyumba, chifukwa nkhani ikafika pachitsime yafika kwa anyamata a makadi.

Zakaria anabwerera kwa Alima. Tsiku la msika ankagulitsa ndowa zake m'mawa, anthu akachuluka nkuzembera kuseri kwanga. Ludzu likamuvuta pakati pa sabata ankabwera ndi kanjanji kake, nkumakhoma malata pabwalo panga kuyambira m'mawa, Che Atumani atakhala pambali pake osalankhula. Mutu unkandiwawa ndi phokoso, ndinkawakalipira onse awiri, koma sindinawathamangitse. Mvula inagwa, chimanga chinacha, anthu anakolola, Zakaria osalawa. Anafolera nyumba, anagula chitseko china. Mkono wa Alima unapola mokhota, moti mtsuko ankasenza ndi dzanja limodzi. Sara anayamba kumakhala pafupi ndi bambo ake akamakhoma, akuseweretsa tizidutswa ta malata. Tsiku lina Zakaria atagwira chipanda anangonena kuti, "Mwana wanga wandigwira ndevu," nkupereka chipanda kwa mnzake.

Ndinasangalala, sindibisa. Ndinati uyu wawoloka.

Koma chinthu chimene chinkawateteza kwa boma ndi chomwecho chimene chinamupha kwa alamu ake. Katuli ndi kamalo kakang'ono. Tsiku lina la msika, nthawi ya nandolo, wina anamukodola Hamisi nkumuuza kuti, mukuti alamu anu anasiya? Pitani kwa Abiti Masese mukaone.

Hamisi anatulukira pakona chipanda chili m'manja mwa Zakaria, chili pakamwa penipeni. Sefu anayamba nyimbo mwachizolowezi, amuna onse nkuwomba m'manja ndi kudzandira, osadziwa kuti akumukumbira mnzawo dzenje. Hamisi sanafunse kanthu. Anazula mtengo pa mpanda wanga nkumenya chipanda, phwa! Kachiwiri mtengowo unagwera Zakaria pakamwa.

"Galu iwe! Mkono wa mlongo wanga sunawongoke, iwe uli pano!"

Anamumenya paphewa, pamsana, pabala lakale lija. Zakaria akanafuna akanamuthyola pakati Hamisi, anali wamphamvu kuposa iye kutalitali. Anangophimba mutu nkumati, "Alamu, dikirani, alamu." Che Atumani anayesa kulowa pakati, nkulandira chake pachigongono. Ine ndinkakuwa kuti mundiphera munthu pakhomo. Msika wonse unathamangira kuseri kwa nyumba yanga, ndipo m'gulumo ndinaona Alima, Sara ali kumsana.

Zakaria anamuonanso. Anadzuka ndi bondo limodzi, magazi ali chuchuchu pachibwano, nkutsegula pakamwa. Ndikudziwa chimene ankafuna kunena. Mtsuko wa thobwa unali pomwepo pakhonde, wodzaza theka. Kungoti alamu, lawani, nkhani ikanathera pomwepo.

Asananene, gulu linapatuka. Analowa anyamata a makadi, zibonga m'manja. Wamkulu wawo anali wamfupi, wa chipsera pamphuno. Anayang'ana amuna aja mmodzimmodzi, nkuima pa mchimwene wanga.

"Madala, nkhope yanuyi ndinaionapo. Si inu a pansi pa mango ku Chowe?"

Che Atumani anati hii, hii, ngati woledzera.

"Ndipo uyu ndi wa ku Mozambiki," anatero wa chipsera, akuloza Zakaria ndi chibonga. Ananunkhiza m'mwamba. "Mowa wake ndi wotani wosanunkha? Pano ndi pa mowa kapena pa msonkhano? Mayi, bweretsani mtsukowo ndilawe."

Ndinayang'ana amuna aja: Sefu wa ana asanu ndi mmodzi, Yasini amene anali atangobwererana ndi mkazi wake, mbale wanga wopanda mano. Ndinayang'ana Zakaria, iye akuyang'ana Alima ndi mwana. Akalawa mnyamatayu nkupeza thobwa, banja la Zakaria lapulumuka pamaso pa msika wonse, koma anzake onse akwera galimoto ija.

Zakaria anadzuka. Anadzandira kumanzere, kumanja, nkukuwa ndi mawu amene sindinawamvepo:

"Mowa wangawu salawa mwana! Ndagula ndine!"

Anathamangira pakhonde nkukumbatira mtsuko uja ngati akufuna kuumwa wonse, nkugwa nawo dala m'ngalande ya madzi a kubafa. Mtsuko unasweka, thobwa nkusakanikirana ndi matope ndi thovu la sopo. Anagubuduka momwemo akuimba nyimbo ya Chipwitikizi, nkudzuka ali matope okhaokha, nkukamugwira wa chipsera kolala ya malaya.

"Iwe kamfupi, undigulire botolo! Amako ndimawadziwa!"

Mayo ine, zimene anamuchita! Anamugwetsa nkumuzungulira onse. Zibonga, nsapato, zibonga. Ndinamva nthiti ikuthyoka ndili pakhonde. Anamuponda dzanja limene ankagwirira nyundo. Iye akulavula magazi ndi mano, koma osaleka kuimba, osaleka kutukwana, kuti maso awo onse akhale pa iye. Anthu ena m'gulumo ankaseka. Atatopa, wa chipsera anapukuta nsapato yake pa malaya a Zakaria nkulavula.

"Zidakwa basi. Tiyeni."

Hamisi anataya mtengo uja. Analankhula mokweza kuti aliyense amve: "Mwaona nonse. Alima, tiye ukatulutse katundu wake."

Gulu litabalalika tinamukokera pamthunzi nkumutsuka. Diso limodzi linali litatsekeka, zala ziwiri zitakhota. Che Atumani ankalira poyera. Anati, "Chemwali, lamulo ndinaika ndine, ndipo ndikulithyola ndine. Tiyeni tikamuuze mkaziyo." Zakaria anakana kutsala. Tinamugwira uku ndi uku, nkuwoloka naye dambo pang'onopang'ono, dzuwa litapendeka. Pofika tinamukhazika pa chitsa m'mbali mwa njira, pafupi ndithu ndi bwalo, ine nkulowa ndekha.

Katundu anali kale panja: mphasa, bulangete, malaya awiri, zida zake m'ndowa. Hamisi anali atapita kukaitana akuluakulu kuti adzachitire umboni. Alima anali kutulutsa nsapato.

"Mwana wanga," ndinatero, "imani kaye. Muli chinthu simukuchidziwa. Mumtsuko muja munalibe..."

"Ndikudziwa, amayi."

"Mukudziwa chiyani?"

"Za mumtsuko sindikuzidziwa, ndipo musandiuze," anatero Alima, akuika nsapato zija pa mphasa. "Koma kuledzera kwa bambo a Sara ndimakudziwa ine, ndakhala nako. Akaledzera saimba. Sadzandira. Amangoti chete, nkuyenda mowongoka, maso ali gwa. Zija za lero ndi sewero. Sanamwe lero, ndipo sanamwe chibwerereni kuchipatala."

"Ndiye kamuuzeni mchimwene wanu! Akumverani inu!"

"Sindikamuuza."

"Mwati bwanji?"

Anandiyang'ana m'maso, mtsikana wofatsa uja.

"Anasiya, inde, ndipo Mulungu awathandize asadzayambenso. Koma ine miyezi yonseyi sindinapume. Akakweza dzanja kuti akande mutu, ine ndimabisa nkhope. Akachedwa kumsika, ndimamutengera mwana kwa anansi. Akandiseka, ndimafunsa mumtima kuti zitha liti. Ndinkadikira tsiku loti amwe kuti ndimasuke, ndipo sankamwa. Ndikanawachotsa bwanji munthu woti wasintha? Anthu akanati mfiti ndine. Lero achimwene anditsegulira khomo, amayi. Sinditseka."

Ndinkafuna kumukalipira. Ndinayang'ana mkono wokhota uja ndipo ndinalephera kumuuza kuti walakwa. Mtima unandipweteka chifukwa cha onse awiri, ndipo mpaka lero umandipweteka.

Nditacheuka ndinapeza Zakaria waima pamphepete pa bwalo, atatsamira phewa la Che Atumani. Anali atamva zonse. Alima anamuona, nkubwerera m'mbuyo mpaka msana unagunda khoma. Sara anasuzumira pakhomo, nkuona nkhope yotupa ija, nkuthawira m'kati.

Zakaria anayenda yekha mpaka pa katundu wake. Anawerama movutika, nkunyamula ndowa ya zida ndi dzanja lamoyo. Anaima pamenepo nthawi yaitali akuyang'ana chitseko chimene anagula.

"Mwanena zoona, amake Sara," anatero ndi milomo yotupa. "Alamu musawauze."

Alima anaphimba pakamwa ndi mpango.

Tinatuluka naye m'mudzimo, ine nditasenza mphasa ndi bulangete. Pa mphambano, pamene njira ina imapita kuchigayo ndipo ina kwathu, anaima. Mphepo inkachokera kuchigayo, ndipo fungo la kachasu akutcheza linkamveka bwinobwino. Ndowa inayamba kulira m'dzanja lake, zitsulo zikugundana. Analibenso mkazi woti amuope, mlamu woti amuletse, kapena mwana woti amusiyire mowa.

"Che Atumani," anatero osatembenuka. "Musandisiye ndekha lero."

Mchimwene wanga anamulanda ndowa ija, nkumugwira pamkono.